Udzu Umene Ndinkameta ku Lusaka

Anthu akandifunsa kuti ku Zambia ndinkagwira ntchito yanji, ndimangoti ya m'munda, nkhani ithere pomwepo. Ndikanena zoona amaseka. Munthu wamkulu wandevu zake, kutha zaka zisanu ndi ziwiri ukumeta udzu woti ngakhale mbuzi siingapeze poluma! Koma ndiyo inali ntchito yanga, ndipo pa kalabu ija ya gofu panalibe woidziwa kuposa ine. Dzina la kalabuyo sinditchula, chifukwa wolakwa wamkulu pa nkhaniyi si iwo.

Ndinachoka ku Mchinji fodya atatigwetsa mphwayi zaka ziwiri zotsatizana. Ndinali pa chikamwini kwa akazi anga, Nankhoma, ndipo mwana wathu Edina anali asanayambe sukulu. Ndinati ndikagwire chaka chimodzi chokha, ndibwere ndi malata. Aliyense wopita kunja amatero.

Ku Lusaka ndinayamba ndi kusenza matumba a anyezi ku City Market, mpaka khosi linalowa m'mapewa. Kenako ndinapeza ya m'dimba pa nyumba ina ku Kabulonga, kuseri kwa mpanda wautali woti sungaone ngakhale denga la mnzako woyandikana naye. Bwana wa pamenepo ankasewera gofu. Ataona mmene kapinga wake wasinthira, anandikweza m'galimoto n'kukandisiya ku kalabu ngati mphatso.

Kwa amene simunaonepo gofu, ndi masewera omenya kampira koyera ndi ndodo mpaka kalowe m'kadzenje. Maenjewo alipo khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo kuzungulira dzenje lililonse pali kabwalo ka udzu wosalala kamene amati gilini. Udzu wa pa gilini si udzu wamba ayi. Umametedwa m'mawa uliwonse, umadwala, umamva ludzu, umapsa mtima. Anzanga ankauopa. Ine ndinangouona tsiku loyamba n'kuti, aaa, koma iyi ndi nazale ya fodya basi. Ndinkavula nsapato n'kuyendapo ndi mapazi. Phazi likasiya chidindo choti sichikufufutika, ndiye kuti udzu ukufuna madzi, ngakhale ukuoneka wobiriwira.

Ndinkakhala ku Kabwata, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina wopemphera kwambiri. Tinkakhalamo awiri ndi ba Mulenga, Mbemba wa ku Luapula, wamkulu kwa ine, amene ankayendetsa thirakitala yometera udzu wa m'njira zazitali. Dzina langa sanalitchulepo n'kamodzi komwe.

"Shani, ba Malawi?" ankatero m'mawa uliwonse, akundiseka kuti kwathu timadya mbewa. "Mbeba zasila mu Lusaka, mwadya zonse?"

"Ndikusiyirani anyani, ba Mulenga," ndinkayankha. "Ndamva kwanu ndiwo zake ndi zimenezo."

Munthu ameneyu anandisamala malungo atandigwira. Ankandipukuta ndi thawulo lake, akunditukwana kuti ndisamufere m'chipinda chifukwa sadziwa njira ya ku Mchinji. Ndinkamukonda ngati mkulu wanga wa bere limodzi.

Kumudzi ndinkatumiza thandizo pa foni mwezi ndi mwezi, osaphonya. Malata anagulidwa, Edina analowa sukulu ndi nsapato kuphazi. Koma ineyo ndinapitako kawiri kokha m'zaka zonsezo, ndipo ulendo wachiwiri mwana anandibisalira kuseri kwa chitenje cha amake. Tchuthi ankapereka ndithu. Kungoti ndikaganiza zosiya magilini m'manja mwa wina, tchuthicho ndinkangochikana.

Chaka chomaliza, nthawi yozizira, ba manija anatiitana tonse kuseri kwa shedi. Anati bungwe lina lalikulu la kutsidya kwa nyanja, loyendetsa mipikisano ya akatswiri a gofu, likufuna kufika m'maiko atsopano, ndipo lasankha bwalo lathu. Kudzabwera osewera odziwika dziko lonse, ndi makamera, ndipo adzationetsa pa wailesi ya kanema mpaka ku Ulaya. Mpikisano unali woti uchitike kumayambiriro kwa Seputembala.

Anatumiza katswiri wawo wa udzu, mzungu wofiira khosi, wosalankhulalankhula. Anagwada pa gilini yoyamba, n'kudula kachidutswa ndi mpeni, n'kukanunkhiza. Anachita chimodzimodzi pa yachiwiri ndi yachitatu. Kenako anafunsa kuti amathirira ndani. Atandiloza, anabwera n'kundigwira chanza ndi manja awiri, n'kuuza ba manija kuti munthu uyu asasunthidwe. Abale inu, chibadwire changa panalibe amene anandigwirapo chanza chotero. Mutu unakula tsiku limenelo, ndipo sunaphwerenso msanga.

Anandiphunzitsa zimene akatswiri amafuna. Amafuna gilini youma ndi yolimba, yoti kampira kakangokhudzidwa kazithamanga kokha. Ndiye umatsitsa mpeni wa makina pang'onopang'ono, sabata ndi sabata, mpaka udzu utsale ngati ndevu za dzulo. Madzi nawo umachepetsa. Ndinamuuza kuti ifenso timatero ndi mbande za fodya zikatsala pang'ono kuwokeredwa: timazidula nsonga n'kuzimana madzi kuti zikhwime. Anagwedeza mutu. Koma anandichenjeza chinthu chimene ndinkachidziwa kale, kuti udzu ungapirire motero sabata imodzi, ikachuluka ziwiri. Mpikisano ukangotha uyenera kukweza mpeni, kuthira madzi, n'kuusiya upume.

Sabata yomweyo foni inalira Lamulungu masana. Sanali Nankhoma. Anali atsibweni ake, a Gamaliyele, amenenso anali nkhoswe ya ukwati wathu.

"Akamwini, muli bwanji kumeneko?"

"Ndili bwino, kaya inu kumeneko? Zimene ndinatumiza zinafika?"

"Zinafika, zikomo. Koma ndimati ndikuuzeni kuti mwana wathu sitinamukwatitse kwa foni. Zaka zonsezi akulima yekha ngati wamasiye. Wadandaula kwa ife, ndipo ife takhala pansi ndi a kwanu. Chaka chino mvula yodzalira ikagwa inu musanagwire khasu m'munda uja, tidzadziwa kuti mwatibwezera mwana wathu."

Sanakweze mawu. A Gamaliyele sanali munthu wokalipa, ndipo n'chifukwa chake ndinadziwa kuti sakuseka.

Ndinawerenga pa zala. Seputembala, Okutobala, Novembala. Nthawi inalipo yambiri. Ndinalonjeza kuti mpikisano ukangotha ndikwera basi ya ku Chipata, ndipo ndibwera ndi katundu wanga yense. Ndinauzanso Nankhoma kuti adzapite pa sitolo ya pa msika pamene pali kanema, adzaone udzu wanga. Anangoti, "Chabwino, bambo a Edina."

Tinayamba kutsitsa mpeni. Pofika kumapeto kwa Ogasiti magilini anali ngati tebulo. Makade, anthu onyamulira osewera zikwama za ndodo aja, ankabwera kudzagubuduza kampira ndi dzanja n'kumaimba mluzu. Kunja kwa mpanda kunali fumbi lokhalokha, mitengo itayoyoka, koma mkatimo munali timabwalo khumi ndi tisanu ndi titatu tonyezimira. Ndinkanyada, sindibisa.

Kutatsala masiku asanu, ba manija anabweranso kuseri kwa shedi, nkhope ili gwa. Anati tsiku lasunthidwa. Kunja kuja kunali kutabadwa bungwe lina latsopano la ndalama zambiri, limene linkakopa osewera otchuka kuti azisewera mipikisano yake. Bungwe lakale linakwiya n'kulamula kuti aliyense wopita uko asadzapondenso kwawo. Osewera ena amene ankayenera kubwera kwathu anali m'gulu la oletsedwawo. Kampani yolipirira mpikisano inati popanda mayina amenewo siitulutsa kanthu. Nkhani inali italowa m'makhoti a maiko amene ine sindingawaloze n'komwe pa mapu.

"Ndiye tikweze mpeni, bwana?" ndinafunsa.

"Awe, osakweza. Bakali kukambisana. Mawiki yatatu chabe."

Ndinawafotokozera kuti udzu sungapirire. Anandiyankha kuti tikakweza zidzatenga mwezi wathunthu kutsitsanso, ndipo alendo akadzapeza magilini ochedwa mpikisano adzaupereka kwina. Ankanena zoona. Nawonso ntchito yawo inali pa ulusi.

Masabata atatu anatha, n'kubwera ena atatu. Makade ankatiwerengera nkhani pa mafoni awo: lero agwirizana, mawa akanganso, mkuja wakuti wasamukira uko. Ankakangana okhaokha za amene akulondola ngati kuti mabungwewo ndi a amalume awo. Ine sindinkasamala kuti wolondola ndani. Ndinkangofuna abwere, amenye timipira tawo, ndizipita.

Ndiye kunabwera Okutobala. Amene anakhalako ku Lusaka mwezi umenewu akudziwa. Dzuwa limatuluka litakwiya kale. Chaka chimenecho magetsi ankazima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo mpope wa pa chitsime unkangokhala duu. Udzu wofupika chotero, wopanda mthunzi wa iwo wokha, ukhoza kufa pakati pa chakudya cha masana ndi nthawi yoweruka. Umayamba wachita mtundu wa phulusa, kenako wofiirira, ndipo ukatero ndiye kuti wapita.

Tinabwerera ku makeni ngati ku nazale. Pa bwalopo panali kadziwe, ndipo tinkatunga mmenemo, keni kudzanja ili keni kudzanja ilo, kuthamangira gilini imene yayamba kusintha mtundu. Suthira kwambiri, chifukwa gilini ifewa. Umangowaza pamwamba kuti uzizire, n'kuthamangira ina. Ukafika pa yomaliza, yoyamba yayambanso kulira. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, pansi pake n'kutulukanso ena. Amuna asanu ndi mmodzi tinkazungulira bwalo lija ngati anthu ozimitsa moto wolusa.

Tsiku lina masana ba Mulenga anagwa chafufumimba pafupi ndi dzenje lakhumi, makeni ali m'manja. Tinawakokera pansi pa mtengo n'kuwathira madzi omwewo a m'dziwe. Atatsitsimuka anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ba Malawi, nimvelani. Yendani kumunzi."

"Mwayamba kubwebweta, ba Mulenga. Imwani madzi."

"Sinibwebweta. Aba bantu sibazabwela. Bali mu maofesi yozizila, bakangana vya ndalama, sibaziba na zina yanu. Udzu umamela futi. Mukazi samela futi iyayi. Nisiyileni magilini, nizasunga."

Apa ndiye pamene pandiwawa mpaka lero. Munthu anadzipereka, atagona pansi, milomo itauma. Ndikanangoti zikomo. Basi ya ku Chipata inkanyamuka tsiku lililonse. Koma mukudziwa chimene ndinaganiza? Ndinaganiza kuti ba Mulenga ali ndi dzanja lolemera pa madzi. Adzathira kwambiri, magilini adzafewa, ndipo mzungu uja akadzabwera adzagwada n'kufunsa kuti munthu wanga uja ali kuti. Ndinkafuna ndidzaime pambali, manja kumbuyo, ndikuona katswiri wa dziko lonse akukanda mutu chifukwa cha udzu wanga. Sizinali za ndalama ayi, ndisanamize munthu. Kunali kudzikonda basi.

"Masabata awiri okha," ndinatero.

"Mwayamba kukamba monga ba manija," anatero ba Mulenga, n'kutembenukira kumbali.

Kumapeto kwa mweziwo kunagwa kamvula kowaza, kongonunkhitsa fumbi. Ndinaimbira Nankhoma ndili chiimire pa gilini.

"Kumeneko yagwa?"

"Yawaza dzulo."

"Chimenecho ndi chizimalupsa chabe. A Gamaliyele anati yodzalira."

"Ndikudziwa zimene ananena, bambo a Edina. Ndinalipo." Kenako anati, "Anzanga onse amaliza kugalauza. Ine ndatsala ndi ndime ya kumunsi ija, yolimba. Ndaisiya dala."

"Mwaisiyiranji?"

"Kuti mudzapeze pogwira."

Mkazi uja ankanditsegulira chitseko, ine ndikuona. Ndinamuuza kuti tsiku latsopano alengeza, ndi pakati pa Novembala, ndipo ulendo uno n'zenizeni. Ndinati apirire pang'ono. Anati, "Mitambo yayamba kusonkhana kumadzulo," n'kudula foni. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma mwambi umakoma ukamanenera wina.

Mvula yeniyeni inafika Lachitatu masana. Kunada bii mbali ya ku Chelstone, mphepo n'kuyamba kuulutsa masamba, kenako inakhuthuka ngati wina wang'amba thumba. Anzanga anataya makeni n'kuyamba kuvina pa udzu, akukuwa, malaya atavula. Ba manija anatuluka mu ofesi n'kuima pa mvula ndi tayi yawo, akuseka ngati mwana. Magilini anali atapulumuka, onse khumi ndi asanu ndi atatu, osafa ngakhale kachigamba. Anandinyamula m'mwamba amuna aja. Ba Mulenga okha ndi amene sanandikhudze. Anaima pa khomo la shedi akundiyang'ana.

Atanditsitsa ndinalowa m'shedi n'kuimba foni. Anayankha ndi a Gamaliyele, pa foni ya Nankhoma.

"Kuno inagwa dzana, akamwini. Tadzala dzulo."

"Ndikubwera, chonde. Mpikisano watsala masiku ochepa."

"Musadzivute kuthamanga. Malizani ntchito yanu."

Patapita masiku anayi ba manija anatiitana kuseri kwa shedi komwe kuja. Anawerenga uthenga wa pa foni, mizere itatu yokha. Kampani yolipirira ija inali itasamukira ku bungwe latsopano, ndipo bungwe lakale linachotsa mpikisano wathu pa ndandanda n'kuika wina ku dziko lina. Bungwelo linathokoza kalabu chifukwa cha kumvetsa. Mzungu wa udzu uja sanabwerenso, ngakhale kutumiza moni.

"Kwezani mpeni," anatero ba manija, osandiyang'ana.

Loweruka lake mamembala a kalabu, mabwana a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, analoledwa kusewera tisanakweze. Ndinaima pambali, manja kumbuyo, monga ndinkalotera muja. Bambo wina wamimba anagunda kampira pang'ono, kanadutsa dzenje n'kutsetsereka mpaka kunja kwa gilini. Anaponya ndodo pansi n'kufunsa kuti ndi chitsiru chiti chawononga magilini chonchi. Ndinavula ovolosi tsiku lomwelo.

Ba Mulenga anandiperekeza ku basi, atandisenzera chikwama. Sanandinyoze za mbewa. Anangoti, "Mukafike bwino, mwaice wandi," kutanthauza mng'ono wanga m'chinenero chawo, n'kubwerera basi isananyamuke.

Ndinafika pamudzi dzuwa lili paliwombo. Ndinadzera kumunda dala. Chimanga chinali chitamera, timasamba tiwiritiwiri, mizere yonse mpaka kumunsi. Ndime yolimba ija inali italimidwa. Mizere yake inali yokhotakhota, yaifupi, ya munthu amene ankalima akupumira. Ndinaidziwa kuti ndi ya Nankhoma.

Nyumba inali ndi malata anga pamwamba. Edina anali pakhonde akusenda mbatata, mtsikana wamtali woti ndikanakumana naye pa msika sindikanamudziwa. Atandiona analowa m'nyumba. Nankhoma anatuluka ndi mpando, osati mphasa imene tinkakhalira awiri, n'kuuika pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi khomo. Anagwada poteropo n'kundipatsa moni wa ulemu wonse. Anali ataonda, mitsempha ya m'manja ili poyera.

A Gamaliyele anabwera ndi mkulu wanga, amene anali nkhoswe ya mbali yathu. Nkhani sinatalike, chifukwa inali itakambidwa kale. Ndinapepesa. Ndinagwada pa dothi, ine, pamaso pa anthu. Ndinati ndabwereratu, sindipitanso. Ndinafunsa ngati pali mwamuna wina, ndipo kunena zoona ndinkafuna atakhalapo, kuti ndipeze womuda. Panalibe.

"Mwana wathu, mawu ndi ako," anatero a Gamaliyele.

Nankhoma anayang'ana manja ake. "Ndinawadikira ndi ndime ija mpaka mvula inandipeza m'munda," anatero. "Ndinailima ikugwa. Nditaimaliza, mumtima munangoti zii. Sindikuwada ayi. Kungoti ndaona kuti palibenso ntchito imene ndingawasungire."

Katundu wanga anali atamangidwa kale m'thumba la feteleza: jekete la ukwati, Baibulo, ndi nkhwangwa. Mkulu wanga analinyamula n'kutsogola. Nditaimirira, Nankhoma anandifunsa motsitsa mawu, osati monyoza, koma ngati munthu amene akufunadi kudziwa.

"Nanga anthu aja anabwera? Ndinapita kawiri pa sitolo paja, koma ankaonetsa mpira wamiyendo."

"Sanabwere."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anatembenukira kunyumba n'kuitana.

"Edina! Tatuluka, uwaperekeze alendowa pa msewu."